Mbiri ya Mankhwala a Chimfine ndi Khosi Louma

Mwezi wa June ukafika, mphepo ya mwera imayamba kuomba pa Nyanja ya Malawi, ndipo siileka msanga; imafika mpaka mu August. Ku Salima amene amaidziwa bwino ndi asodzi. Kuyambira ku Chipoka kufika ku Senga Bay, ndi ku chilumba cha Mbenji, chimene Mfumu Makanjira amachitseka m'dzinja nachitsegulanso mvula ikatha, amuna amachezera pamadzi usiku ndi nyali zao, kukoka chilimira. Mafunde amawathira madzi, malaya amanyowa, ndipo mphepo imawaumitsira pathupi. Kukacha amakocheza padooko ali njenjenje. M'mawa mwake wina amadzuka ndi chimfine, mutu uli kuwawa, thupi lili kuphwanya, ndi khosi litauma cha kunkhongo, kotero kuti pofuna kucheuka atembenuka thupi lonse.

Pakhomo sasowa chochita. Mai amawiritsa masamba a bulugama ndi a mandimu mumphika, namkhazika wodwalayo pafupi ndi mphikawo, namfunditsa bulangete kuti nthunzi imtulutse thukuta. Ena amasinja jinja, nathira m'tiyi wotentha. Sabata ikapita, munthu uja amatenganso nkhafi yake.

Nzeru yochiza chimfine ndi thukuta siili ya ku Salima kokha ai. Ku China, dziko lalikulu la kum'mawa, kuli mankhwala a nthenda yomweyi, ya chimfine chodza ndi kuuma kwa khosi, amene analembedwa m'buku zaka 1,800 zapitazo. Dzina lake ndi Ge gen tang, ndiko kunena kuti msuzi wa muzu wa ge. M'zipatala za boma za ku Salima mankhwalawa saperekedwa. Koma mbiri yake iyenera kumveka kunyanja, pakuti funso limene linamsautsa sing'anga amene anawalemba ndi lomwe limasautsa banja la msodzi: munthu akatentha thupi, khosi nkuuma, kodi nthenda yake ndi iti?

Sing'anga wa ku Nanyang

Sing'angayo anali Zhang Zhongjing, mbadwa ya ku Nanyang, m'dera limene tsopano litchedwa Henan. Anabadwa cha m'ma 150, namwalira cha m'ma 219. Masiku ake anali oipa. Ufumu wa Han, umene unalamulira China zaka mazana anai, unali kugwa. M'chaka cha 184 alimi anaukira boma, ndipo kuyambira pamenepo akazembe a nkhondo analimbirana dziko. Minda inagona, anthu anathawa m'midzi yao, njala inalowa, ndipo pambuyo pa njala panadza miliri. Ufumuwo unatheratu m'chaka cha 220.

Zhang analongosola yekha chimene chinamchititsa kulemba. Fuko lake linali la anthu oposa 200. Kuyambira chaka cha 196, zisanathe zaka khumi, pa anthu atatu alionse awiri anali atamwalira, ndipo mwa akufawo, asanu ndi awiri pa khumi alionse anafa ndi matenda otentha thupi. Amene anamvapo kwa agogo ao za fuluwenza wa 1918, amene anafika ku Nyasaland kumapeto kwa chaka chimenecho nasesa midzi, adzazindikira zimene munthuyu anaona: maliro otsatanatsatana, adzukulu iwonso ali chigonere.

Chimene chinamuwawa koposa chinali mphwayi za asing'anga anzake. Anawadzudzula kuti amangotsata zimene makolo ao anawasiyira, nayang'ana wodwala kanthawi kochepa, nampatsa mankhwala asanamfufuze bwino. Tsono iye anasonkhanitsa mabuku akale ndi mankhwala amene anthu anali kuwadziwa, nalemba buku limene gawo lake lalikulu litchedwa Shanghan lun, ndiko kuti kufotokoza za matenda odza ndi kuzizira. M'menemo muli mitundu ya mankhwala yoposa 100.

Za tizilombo tosaoneka ndi maso Zhang sanadziwe. Panalibe munthu pa dziko lonse amene anadziwa. Iye anayesa kuti mphepo yozizira ilowa pakhungu, niyamba kukhala kunja kwa thupi, makamaka kumsana ndi kukhosi, ndipo ikapanda kuchotsedwa ilowerera m'kati. Maganizo amenewa anali olakwa, koma maso ake anali akuthwa. Pa wodwala aliyense anafuna kudziwa zinthu zazing'ono zimene ena sanazisamale. Kodi achita thukuta kapena ai? Aopa mphepo? Ali ndi ludzu? Mtsempha wa padzanja ugunda bwanji? Yankho likasintha, mankhwalanso asintha. Ge gen tang anamlembera makamaka munthu wotere: wayamba kumene kudwala, khosi ndi msana wakumtunda zauma, aopa mphepo, ndipo thukuta silituluka.

Zisanu ndi ziwiri mumphika umodzi

Zosakaniza zake zilipo zisanu ndi ziwiri. Choyamba, chimene chinapatsa mankhwalawa dzina, ndicho muzu wa ge. Ge ndi chomera choyanga cha mtundu wa nyemba, chokwera m'mitengo monga chitedze, koma chosayabwa. Muzu wake ndi waukulu, wa ufa ngati chinangwa, ndipo m'nthawi ya njala anthu anali kuudya. Luzi lake anali kuombera nsalu. Muzuwo unaikidwamo kuti ufewetse mitsempha ya m'khosi. Chachiwiri ndi ma huang, kachitsamba ka m'malo ouma a kumpoto kwa China, kopanda masamba ooneka, kongokhala timitengo tobiriwira. Ameneyu ndiye mwini thukuta, ndiponso ndiye woopsa pa zonse. Zotsala ndizo nthambi zanthete za mtengo wa sinamoni, muzu wa duwa lotchedwa shao yao, muzu wotsekemera wotchedwa gan cao, jinja wamuwisi, ndi zipatso zouma zotchedwa da zao.

Zipatso zimenezi munthu wa ku Salima sangazidabwe. Da zao ndi mbale wake wa masawu, amene amapsa m'chigwa cha nyanja m'nyengo yomweyo ya mwera, ana nkumatola pansi pa mitengo. Akatswiri a zomera amaika mitengo iwiriyi mumtundu umodzi, wotchedwa Ziziphus. Kusiyana kwake nkwakuti chipatso cha ku China ndi chotsekemera koposa. Ntchito yake mumphika inali kufatsitsa ukali wa zinzake, kuti m'mimba mwa wodwala musavutike.

Zhang sanasiye kanthu kuti wophika angoganizira. Analemba kuti muzu wa ge ukhale miyeso 4, ma huang 3, jinja 3, sinamoni 2, shao yao 2, gan cao 2, ndi zipatso 12. Madzi ake, pa muyeso wa masiku ano, ndi malita awiri. Ge ndi ma huang ziyambe kuwira zokha, ndipo thovu loyera loyandama pamwamba lichotsedwe. Pamenepo zinazo zilowe, ziwire kufikira patsale makapu ang'onoang'ono atatu. Wodwala amwe kapu imodzi msuzi uli wofunda, nafunde. Thukuta lofunika ndi laling'ono, longonyowetsa khungu. Lochucha ngati madzi analiletsa, nati nthenda siichoka nalo. Munthu akachira ndi kapu yoyamba, zotsalazo asamwe. Panalinso zosala: nyama, mowa, zozizira ndi zaziwisi.

Sing'anga wa kumudzi amasunga muyeso m'mutu ndi m'dzanja. Nzeru yake ingakhale yaikulu ndithu, koma akamwalira asanaphunzitse mwana kapena mphwake, amapita nayo kumanda. Zhang anaiika yake m'malembo, ndipo nchifukwa chake mphika wa chaka cha 200 ungathe kuphikidwanso chimodzimodzi.

Cholakwa cha mlembi

Komatu cholembedwa nachonso chili ndi ngozi zake. Masiku amenewo kunalibe kusindikiza. Buku lililonse linali kukopedwa ndi dzanja. Nkhondo zinabalalitsa buku la Zhang iye atangomwalira, ndipo sing'anga wa kunyumba ya mfumu, dzina lake Wang Shuhe, ndiye anatolera zidutswa zake nazilongosola. Pambuyo pake linayenda m'manja mwa alembi zaka mazana asanu ndi atatu. Ena amene anali nalo anali kulibisa, kotero kuti m'zaka za m'ma 600 sing'anga wotchuka, Sun Simiao, anadandaula kuti akatswiri a kumwera akukaniza anzao mankhwala a Zhang.

M'chaka cha 1065 boma la ufumu wa Song, limene linali litakhazikitsa bungwe lokonza mabuku a mankhwala, linasindikiza bukulo. Mmodzi wa akulu a ntchitoyo anali Lin Yi. Powerenga mosamala, iye ndi anzake anapeza chinthu chosamveka. M'bukumo muli mankhwala awiri a khosi louma. Ena ndi Ge gen tang, a munthu wosachita thukuta. Ena ndi a munthu amene khosi lauma koma thukuta lili kutuluka kale. Tsono m'buku limene anali nalo, ma huang analembedwa pa onse awiri. Lin Yi anaona kuti izi sizigwirizana ndi chiphunzitso cha Zhang, pakuti ma huang ndi wotulutsa thukuta, ndipo womira kale m'thukuta ukampatsa ma huang wangomkamula mphamvu zotsala. Anazindikira kuti dzinalo linalowa pamenepo molakwa.

Chimene anachita nchoyamikika. Mau akalewo sanawafafanize. Anawasiya monga anawapeza, nalemba pansi pake chenjezo ndi zifukwa zake, kuti wowerenga aweruze ndi maso ake. Dzina limodzi lokha, lolowa pamalo posayenera, likadatha kuvulaza odwala m'mibadwo yambiri.

Ku Japan ndi kwa akatswiri

Bukulo linaoloka nyanja nilifika ku Japan, kumene mankhwalawa atchedwa Kakkonto. Kumeneko anatchuka kwambiri, mpaka anthu anapeka nthabwala ya sing'anga wodziwa mankhwala amodzi okha. Wodwala mutu anampatsa Kakkonto, wodwala m'mimba Kakkonto. Potsiriza anafunsa munthu amene anakhala phee pakhomo kuti amva kuwawa pati, ndipo uja anayankha kuti sadwala, wangoperekeza mnzake. Sing'angayo anati kuyembekeza nkotopetsa, nayenso amweko Kakkonto. Nthabwalayi iseka mtundu womwewo wa sing'anga umene Zhang anaudzudzula, ndipo nchomvetsa chisoni kuti chida cha waulesiyo chinali mankhwala a Zhang amene.

Ku Japan komweko, m'chaka cha 1885, katswiri wina, Nagai Nagayoshi, anatulutsa mu ma huang chinthu chimene chili ndi mphamvu yake, chotchedwa ephedrine. M'chaka cha 1924 K. K. Chen ndi Carl Schmidt, pogwira ntchito pa sukulu ya madotolo ku Peking, anaonetsa zimene ephedrine amachita m'thupi. Amatsegula mphuno ndi njira za mpweya, ndipo chifukwa cha ichi anathandiza odwala mphumu zaka zambiri. Koma amafulumizitsanso mtima nakweza kuthamanga kwa magazi. Mphamvu imeneyi ili ndi ntchito yake: bungwe la World Health Organization linaika ephedrine pa mndandanda wa mankhwala ofunika, kuti athandize mai wochitidwa opareshoni pobereka pamene magazi ake atsika. Ilinso ndi ngozi yake. Ku America amalonda anagulitsa ma huang kwa anthu ofuna kuonda, opanda muyeso ndi opanda chenjezo. Ena anafa, ndipo m'chaka cha 2004 boma la kumeneko linaletsa malondawo. Nayenso gan cao, akamwedwa masiku ambiri, amakweza magazi. Kotero Ge gen tang, ngakhale ali mizu ndi zipatso, sayenera munthu wodwala mtima kapena wothamanga magazi.

Nanga amachizadi chimfine? M'chaka cha 2014 madotolo a ku Japan anafalitsa zimene anapeza atayesa. Anagawa anthu oyamba kumene chimfine m'magulu awiri, ena nawapatsa Kakkonto, ena mankhwala a chimfine a masiku onse. Kakkonto sanapose anzakewo poletsa nthendayo kukula. Chimfine chimadza ndi tizilombo tating'ono totchedwa mavairasi, ndipo thupi limatigonjetsa lokha m'masiku owerengeka. Msuzi wotentha, nthunzi ya bulugama ndi bulangete zimapepuza wodwala pamene thupi lili kumenya nkhondo yake. Chimenecho si chinthu chachabe, koma si kuchiza.

Mankhwala amene anafikadi ku Salima

Kunyanja nthenda yotentha thupi imene yapha anthu ambiri si chimfine, koma malungo. Tsidya lina la nyanja, moyang'anana ndi Chipoka, kuli Cape Maclear, kumene amishoni a Livingstonia anamanga m'chaka cha 1875. Malungo anawaphera anzao, ndipo m'chaka cha 1881 anasamukira ku Bandawe, nasiya manda. Mankhwala a malungo anabwera motsatana, ndipo tizilombo tinawazolowera motsatananso. Kunali kwinini, kunadza chloroquine. Chloroquine atafooka, Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumsiya, m'chaka cha 1993, natenga SP, amene anthu amamdziwa ndi dzina lakuti Fansidar. Nayenso anafooka. Kumapeto kwa chaka cha 2007 boma linayamba kupereka LA.

Tsono LA ameneyu gwero lake ndi buku lina lakale la ku China. Zaka zoposa zana limodzi Zhang atamwalira, munthu wina, Ge Hong, analemba kabuku ka mankhwala a mwadzidzidzi. M'menemo analangiza kuti wodwala malungo atape chitsamba chotchedwa qinghao chodzaza dzanja, achiviike m'madzi, achifinye, namwe madzi ake. M'chaka cha 1967, nkhondo ya ku Vietnam ili m'kati ndipo malungo ali kugwetsa asilikali, boma la China linaika akatswiri ambiri kuti afune mankhwala atsopano. Mmodzi wa iwo anali mai wina, Tu Youyou. Iye ndi anzake anayesa qinghao, koma mphamvu yake inali yosadalirika. Pobwerera ku mau a Ge Hong, Tu Youyou anaona chimene ena anachilumpha: mkuluyo sananene kuti chitsambacho chiwiritsidwe. Mizu ya Zhang inafuna moto, koma qinghao moto unali kumuononga. Atasintha njira, natulutsa mankhwalawo popanda kutenthetsa kwambiri, m'chaka cha 1971 anapeza chimene anali kufuna. Mankhwalawo atchedwa artemisinin, ndipo Tu Youyou analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2015.

Akatswiri ena a ku China anapanga artemether kuchokera ku artemisinin, namphatikiza ndi mankhwala ena otchedwa lumefantrine. Zilembo ziwiri zija, L ndi A, ndizo zoyamba za maina amenewa. Msodzi wa kwa Maganga kapena mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu amene anamwapo timibulu tachikasu tija, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, anamwa mankhwala a ku China osadziwa. Kusiyana kwake ndi Ge gen tang nkwakuti awa anayesedwa pa odwala zikwi zambiri, naoneka kuti amaphadi tizilombo m'magazi.

Khosi louma la mtundu wina

Zhang anadziwa kuti si khosi louma lililonse lili la mphepo. M'gawo lachiwiri la zolemba zake, lotchedwa Jingui yaolue, anafotokoza za odwala ena oopsa: thupi litentha, khosi liuma gwa, nsagwada zimangika kotero kuti munthu sangathe kulankhula, ndipo msana upindikira kumbuyo mpaka sukhudza mphasa. Kwa amene nthendayi inali kuyamba anayesa Ge gen tang yemweyo, ndipo anavomereza kuti ena a odwala otere ndi ovuta kuchiza. Dotolo wowerenga mau amenewo amazindikiramo nthenda ziwiri: kafumbata, ndi nthenda imene Achewa anaitcha dzina loyenera ndithu, matenda oumitsa khosi. Apa mphika wa Zhang unalibe mphamvu. Anaiona nthendayo bwino, nailemba bwino, koma mankhwala opha tizilombo take anadza m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, penisilini ali mmodzi wa iwo.

Matenda oumitsa khosi ndiko kutupa kwa nembanemba yokuta ubongo ndi mtsempha wa mumsana. Tizilombo tikalowamo, munthu angathe kufa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ena opulumuka amatsala ogontha kapena opunduka. Boma la Malawi linayamba kupereka kwa makanda katemera wa kachilombo kotchedwa Hib m'chaka cha 2002, ndi wa kachilombo ka chibayo m'chaka cha 2011. Tonse tiwiri timayambitsanso nthendayi. Akulu amene chitetezo chao chafooka ndi HIV amagwidwa ndi mtundu wina, woyamba pang'onopang'ono ndi mutu wosaleka kuwawa.

Choipa nchakuti tsiku loyamba nthendayi imavala nkhope ya chimfine kapena ya malungo. Msodzi uja wa mwera, amene khosi lamuuma ndi kuzizidwa ndi kupalasa, amamva kuwawa pocheukira kumbali, koma angathe kuweramitsa mutu, amalankhula zanzeru, ndipo amadya. Wa matenda oumitsa khosi sangathe kufikitsa chibwano pachifuwa. Mutu umamuwawa koposa umene anaumvapo, kuwala kumamlasa m'maso, amasanza, amaodzera kapena kubwebweta, ndipo mwina amakomoka. Khanda nthawi zina siliuma khosi konse. Limangokana bere, kulira mosatonthozeka, ndi liwombo litatupa. Malungo a mu ubongo nawonso amabwebwetetsa ndi kukomola, kotero kuti ndi maso okha ngakhale dotolo sangathe kusiyanitsa nthawi zonse. Wodwala wotere usiku umodzi wa pansi pa bulangete ndi mphika wa bulugama umamdyera nthawi imene akadakhala ali pa ulendo wa ku chipatala cha boma ku Salima, kapena wa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100.

Kuchipatala amayamba ndi kubaya chala, ndipo m'mphindi 20 malungo amadziwika ngati alipo. Pofuna kudziwa za matenda oumitsa khosi amatenga madzi a pamsana. Anthu ambiri amaopa njira imeneyi, nanena kuti ndiyo imapha, chifukwa anaonapo mbale wao atamwalira atangotengedwa madziwo. Koma amene amatengedwa madzi ndi odwala kwambiri, ndipo ambiri a iwo amafika mochedwa. Chimene chinawapha ndi nthenda, si singano ai. Wodwalayo amamgoneka cham'mbali atapinda maondo, nalowetsa singano pansi pa msana, pamalo pamene mtsempha waukulu sufika, natapa madontho owerengeka m'kabotolo. Madzi a munthu wopanda nthendayi amaoneka oyera mbee ngati a pakasupe. A wodwala kawirikawiri amaoneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo dotolo akaona otere sayembekeza mau a kopimira. Amabaya jekeseni woyamba nthawi yomweyo.